Zoti son idos ndi han ido mu Chisipanishi, amene mukudziwa tandithandizani

Mwana wa ku Lizulu:
Akuluakulu, ndikumaphunzira Chisipanishi pa foni ndikaweruka kumsika, ndiye ndaona chiganizo chakale choti son idos pomwe ine ndinaphunzira han ido, kutanthauza apita. Kodi akalewo ankalakwitsa kapena? Nanga mawu othera -ando ndi -ado aja amasiyana bwanji, andizunguza mutu zedi.

Aphunzitsi a ku Linthipe:
Ayi mwanawe, sankalakwitsa. Kalekale, nthawi ya ndakatulo ija ya Cantar de mio Cid yomwe kope lake lili ndi chaka cha 1207, mneni wosonyeza kupita kapena kubwera ankamuphatikiza ndi ser (kukhala, komwe kwachokera son) osati haber (kukhala ndi, komwe kwachokera han), nchifukwa chake son idos, es venido (wabwera). Chifalansa ndi Chitaliyana zikuterobe mpaka lero. Chinanso chimandisangalatsa ine nchoti -ado uja ankagwirizana ndi chinthu chomwe chachitidwa, ngati mmene ife timanenera nsima yophika, nyemba zophika, ndiye munthu ankatha kunena las cartas que he escritas (makalata omwe ndalemba), zinachokera ku Chilatini komwe tanthauzo linali loti ndili ndi makalata olembedwa, kenako pang'onopang'ono linasanduka ndalemba makalata ndipo mawuwo anangouma kukhala escrito basi. Katswiri wina wa ku Spain, Nebrija, polemba galamala yake ya Chisipanishi mu 1492 anaona kuti mawu osasinthawa ndi osiyana ndi anzake mpaka anawapatsa dzina lawolawo. Pomwe -ando ndi chinthu chomwe chili mkati mochitika, está cantando, ali kuimba. Ife tomwe tinafupikitsa ali kuimba kukhala akuimba, si zachilendo izi.

Wa pa boda ya Dedza:
Zoona aphunzitsi. Koma achimwene samalani mukamacheza ndi abale athu a ku Angonia, Chipwitikizi chakonkuno amati estou a falar (ndikuyankhula), -ando mumamumva kwambiri kwa a ku Brazil. Ine zinandisokoneza miyezi.

Mwana wa ku Lizulu:
Zikomo aphunzitsi, pa nsima yophika paja ndamvetsa bwinobwino. Nanga en llegando? Ndinaganiza kuti ndi pofika.

Aphunzitsi a ku Linthipe:
Mwayandikira koma ndi atangofika, kapena akangofika. Inali yofala zaka za m'ma 1500 ndi 1600, lero mukainena ku Madrid ikumveka yachikale, ingonenani al llegar.