Tablet ya ku Scotland ikukana kulimba kuno kunyanja, ndithandizeni

Wophika wa ku Chembe:

Ndikupempha nzeru kwa amene anaphikapo maswiti a ku Scotland otchedwa tablet. Ndimaphikira alendo pamalo ena ogona ku Cape Maclear, ndipo timalandira anthu ochokera ku Scotland amene amabwera kudzaona manda a amishonale a Livingstonia, omwe anakhazikitsa mishoni yawo kuno mu 1875. Mlendo wina anandilembera kaphikidwe kake motere: shuga kilogalamu imodzi, chitini chimodzi cha condensed milk cha magalamu 397, batala magalamu 125 ndi kapu imodzi ya mkaka wamadzi. Ndimatsatira zonsezi, koma nthawi zina tablet imangokhala yofewa ngakhale igone usiku wonse, nthawi zina imalimba koma ili ndi timibulu ta shuga tokukutika m'mano, ndiponso kawirikawiri imapserera pansi pa poto. Ndimaphika pambaula chifukwa magetsi sakhala odalirika. Kodi vuto ndi shuga wathu wabulauni, ndi kutentha kwa kuno, kapena ndi moto wamakala?

Mayi wa ku Mangochi Boma:

Achemwali, miyezo imene anakupatsaniyo ilibe vuto, ndipo shuga wathu musamukayikire. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti shuga wabulauni ali ndi mibulu ikuluikulu imene imachedwa kusungunuka, ndipo tablet yambiri imawonongeka pomwepa, isanayambe n'komwe kuwira. Ikani mkaka wamadzi, batala ndi shuga m'poto pamoto wochepa kwambiri, muzitakasa modekha osalola kuti ziwire, mpaka mutatunga pang'ono pasupuni, n'kuziziritsa, n'kutikita ndi zala osamva kambulu ngakhale kamodzi. Zimenezi zimatha kutenga mphindi 15 kapena kuposa. Shuga amene wamatirira m'mbali mwa poto mupukuteni ndi kansalu koyera konyowa, chifukwa kambulu kamodzi kakagweramo pambuyo pake kamakoka shuga wina kuti aundane mozungulira iko, ndipo timibulu tokukutika tija timachokera pamenepo.

Mukatsimikiza kuti zonse zasungunuka, thiranimo condensed milk, muwonjezere moto, ndipo kuyambira pamenepo mthiko usachoke m'poto. Ziwire pafupifupi mphindi 20, mpaka mtundu usinthe kukhala wofiirira pang'ono. Komabe wotchi musaidalire kwambiri. Khalani ndi kapu ya madzi ozizira pafupi, mudonthezeremo pang'ono, mudikire kamphindi, kenako mutole ndi zala. Ngati zikubalalika m'madzimo, sizinafike. Ngati zikuumbika kukhala kampira kofewa kamene kamaphwatalala mukakatulutsa m'madzi, phulani msanga.

Ntchito yotsala ndi yofunika kwambiri. Mukaphula, dikirani mphindi zochepa kuti thovu litsike, kenako muvundule mwamphamvu monga muchitira ndi nsima ya anthu ambiri, kwa mphindi 5 mpaka 10. Mudzaona kunyezimira kukuzilala, mthiko ukulemera, ndipo pansi pa poto padzayamba kumveka kukhakhala. Nthawi yomweyo thirani m'thireyi yopaka batala, chifukwa mukazengereza idzalimbira m'poto momwemo. Kuvundulako n'kumene kumapanga timibulu tosalala kwambiri tomwe timachititsa kuti tablet inyenyeke poiluma n'kusungunuka palilime. Yanu yofewa ija ndikukhulupirira kuti munaiphula msanga kapena simunaivundule mokwanira.

Mphunzitsi wa sayansi, Monkey Bay:

Ndikugwirizana ndi zimene Amayi afotokoza, ndipo ndingowonjezera za kutentha. Mabuku ambiri amanena kuti tablet iphulidwe ikafika pakati pa madigiri 115 ndi 120, koma manambala amenewa amawerengera malo amene madzi amawira pa madigiri 100. Nyanja yathu ili pamtunda wa mamita oposa 450 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, choncho kuno madzi amawira pafupifupi pa madigiri 98. Ngati muli ndi choyezera kutentha, yambani mwachiviika m'madzi owira, muone pamene chaima, ndipo kusiyanako mukuchotse pa nambala ya m'buku.

Pa funso lanu la nyengo, mdani wamkulu ndi chinyontho osati kutentha. Shuga amayamwa madzi a mumpweya, moti m'nyengo yamvula tablet yophikidwa bwinobwino imatha kuyamba kunyowa pamwamba ikangosiyidwa poyera. Ikazizira muiike m'chotengera chotsekeka bwino, chomwenso chidzaiteteze ku nyerere. Mufiriji sindikulangizani, chifukwa poitulutsa imagwira mame. Ndikupemphaninso kuti ana asayandikire mbaula pophika zimenezi, pakuti shuga wowira amatentha kuposa madzi owira, ndipo akagwera pakhungu amamatirira.

Bambo wa ku Namwera:

Ine ndikufuna kulankhulapo za kupserera, chifukwa ndikuona kuti sikunayankhidwe. Mapoto opyapyala amene timagula pamsika sangathe ntchito imeneyi, popeza mkaka ndi shuga zimagwira pansi mthiko usanadutse. Pezani poto wokhuthala pansi, ndipo akhale wamkulu moti zosakanizazo zisafike ngakhale theka lake, chifukwa zikayamba kuwira zimakwera kwambiri. Mbaula payokha si yoipa. Dikirani makala ayake onse mpaka ayere pamwamba, muwawaze phulusa pa nthawi yosungunula shuga, ndipo mukafuna moto wowiritsira mugwedeze phulusalo ligwe. Muyale njerwa ziwiri pambali kuti muzitha kutulapo poto moto ukakula.

Pali chimodzi chimene mwina ena sangagwirizane nane. Batala ndi wokwera mtengo ndipo sapezeka paliponse, choncho kwa ana kunyumba ine ndimagwiritsa ntchito majarini, ndipo tablet imalimba ndithu.

Mayi wa ku Mangochi Boma:

Bambo, kulimba imalimbadi, koma Achemwaliwa akuphikira anthu amene anakula akudya tablet pa maukwati ndi pa zikondwerero za kwawo, ndipo kukoma kwake kwenikweni kumachokera ku batala ndi mkaka zikapsa pamodzi ndi shuga. Kwa alendo oterewa ndibwino kuphika theka la muyezo ndi batala weniweni kusiyana ndi thireyi yodzaza ya majarini.

Wophika wa ku Chembe:

Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri. Ndatsala ndi funso limodzi. Panopa ndili ndi thireyi ya tablet imene yakana kulimba, ndipo mtima ukundipweteka kutaya shuga ndi batala wochuluka chotero. Kodi ingakonzeke?

Mphunzitsi wa sayansi, Monkey Bay:

Musaitaye, Amayi, ngati sinapserere. Ibwezereni m'poto, muthiremo masupuni angapo a mkaka, isungunuke yonse pamoto wochepa, kenako muiwiritsenso mpaka iumbike kampira m'madzi ozizira, muvundule monga afotokozera pamwambapa. Idzatuluka yofiirira kuposa poyamba, koma yodyeka bwino. Mukaithira m'thireyi, lembani mizere ndi mpeni idakali yofunda, chifukwa ikalimba kwathunthu imasweka m'malo modulika.