Kalumo kakuthwa ka mlendo: n'koyamikira kapena n'kochenjeza?

Nabanda: Abale, ndithandizeni. Loweruka ndinali kwa azakhali anga, ndipo ndimawafotokozera zomwe tikuphunzira za ulendo wa kafukufuku wotchedwa Jesup wa 1897 mpaka 1902. Franz Boas, katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku New York, anagwirizana ndi akatswiri awiri a ku Russia, Waldemar Bogoras ndi Waldemar Jochelson, kuti akafufuze moyo ndi zikhulupiriro za anthu a ku Siberia. Bogoras anapita kwa a Chukchi, Jochelson kwa a Koryak ndi a Yukaghir. Analemba za mizimu yawo, najambula nyimbo za asing'anga pa makina akale aja ojambulira mawu pa phula, natumiza ng'oma ndi zovala za asing'anga ku New York. Ine n'kumaliza kuti, "Zoonadi, mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa." Azakhali anangoti, "Mwanawe, mwambiwo malo ake si amenewo," n'kupitiriza kutongola chimanga. Ndalakwitsa pati?

Mbewe wa ku Dedza: Agogo anga ankaunena tikachita nkhope yolemera pogawana nsima ndi munthu wapaulendo. Ankatikumbutsa za bambo wina amene anangogona usiku umodzi pamudzi, namva mlandu wa malire a munda umene unasautsa akuluakulu kwa miyezi. Anafunsa funso limodzi lokha, mlandu n'kutha. Ine ndinakula ndikudziwa kuti ndi mwambi wolemekeza mlendo. Simunalakwitse, achemwali.

Gama: Mwaphonya nonse. Kalumo aka n'kotemera mphini. Agogo anga aakazi anali ndi mphini m'mbali mwa maso chifukwa cha mutu waching'alang'ala, ndipo amene anawatemera anali sing'anga wochokera kutali, a pamudzi atalephera. Mlendo wa m'mwambimu ndi wochiza. Anthu anuwo anachiza ndani ku Siberia? Azakhali anu akunena zoona.

Nachisale: Kwathu kalumo ndinkakaona pa tsiku lometa maliro. Agogo ankakasunga m'kansalu, sitinkaloledwa n'komwe kukakhudza. Ndikamva mwambiwu ndimaona mitu yometedwa itandandalika pabwalo, osati mphini.

Mphunzitsi Phiri: Mayi Nabanda, ndiyambe ndafunsa: mlendo pa nkhaniyi ndani? Boas sanaponde ku Siberia pa ulendowo, iye ankagwira ntchito kutsidya la America. Bogoras ndi Jochelson nawonso sanali alendo ogona usiku umodzi. Boma la mfumu ya Russia linawatumiza ku Siberia ngati chilango pa nkhani za ndale, ndipo Bogoras anakhala zaka zambiri kudera la mtsinje wa Kolyma, kumene anaphunzira chinenero cha a Chukchi. N'chifukwa chake Boas anawafuna. Ndalama zinachokera kwa Morris Jesup, munthu wolemera wa ku New York, koma makutu omva chinenero anali a anthu opitikitsidwawo. Ndipo amene ankadziwadi za mizimu ndi eni ake, amene ankamulola Bogoras kukhala m'kachipinda kamkati ka hema usiku, nyali itazimitsidwa, sing'anga akuimba ng'oma. Ngakhale liwu loti shaman limene azungu amagwiritsa ntchito lero ponena za sing'anga linachokera kwa a Evenki, mtundu wina wa anthu a ku Siberia. Ndiye kalumo anali nako ndani?

Gama: Aphunzitsi, mwandithandiza. Mwatchula nokha sing'anga ndi ng'oma. Kalumo n'ka sing'anga, n'ka mphini. Wolemba m'buku alibe kalumo, ali ndi pensulo.

Mphunzitsi Phiri: A Gama, sindinanene zimenezo. Chimene chimandiwawa ine ndi ichi. Mu 1932 Bogoras yemweyo anayambitsa nyumba yosonyeza mbiri ya zipembedzo ku Leningrad, m'tchalitchi chachikulu cha Kazan, pa nthawi imene boma la Soviet linkalimbana ndi kupembedza. M'zaka zomwezo asing'anga a ku Siberia ankalandidwa ng'oma zawo, ena ankamangidwa. Komanso kunena chilungamo, lero zidzukulu za anthu amenewo zikafuna kudziwa zimene makolo ankaimba, zolemba ndi zojambula za ulendo wa Jesup zimawathandiza kwambiri. Kalumo kamameta, komanso kamacheka. Mwina azakhali amaona mbali yochekayo.

Mbewe wa ku Dedza: Koma mwambi sunena zocheka. Mukuwonjezera zanu.

Nachisale: Vuto ndi loti ana a masiku ano ngakhale liwu loti kalumo salidziwa. Mdzukulu wanga ndinamutuma lumo, anangoima n'kumandiyang'ana mpaka nditati lezala. Mwambi angaumve bwanji munthu wosadziwa chinthu chimene chikutchulidwa?

Mayi a Tadala: Eya, mwanena. Anga ukawapatsa moni amangoti "bho" kapena "shapu", maso ali pa foni. Kukabwera mlendo sagwada, salandira katundu, amathawira kuchipinda. Ife tinkathamangira nkhuku mlendo asanakhale n'komwe pamphasa.

Mbewe wa ku Dedza: Tisawanene ana okha. Ndani mwa ife amakhala nawo madzulo n'kuwaphera miyambi monga ankachitira agogo?

Nabanda: Ndawaimbira foni azakhali. Akuti mlendo wa m'mwambi amameta eni mudzi, n'kuwasiya akuoneka bwino, iye n'kumapita chimanjamanja. "Nanga anzakowo anasiya chiyani? Suja wanena wekha kuti ng'oma ndi zovala za asing'anga zili ku New York?" Ndayesa kuwauza zija anena aphunzitsi, zoti zolembazo zikuthandiza zidzukulu. Akuti zimenezo n'zabwino, koma ndifune mwambi wina.

Gama: Achemwali, kawafunseninso bwinobwino ngati agogo anu analibe mphini. Mudzandiuza.

Nachisale: A Gama, mphini aliyense anali nazo nthawi imeneyo. Ine ndikadali pa kumeta maliro. Alipo wa ku Mchinji kapena ku Chipata atiuze mmene amaunenera kumeneko?