Ndani angatithandize kulowa mu esiteti ya tiyi ku Thyolo kapena ku Mulanje?

Moni nonse abale ndi alongo pagulu pano. Ndine mphunzitsi wa zaulimi pa sekondale ina ku Balaka, ndipo ndikufuna kupita ndi ana 32 a Fomu 3 kukaona mmene tiyi amalimidwira. Anawa tiyi amamwa m'mawa uliwonse, koma nditawauza kuti pothyola amangotenga masamba awiri ndi kansonga, ena anaseka ngati ndikuwanamiza. Kwathu kuno tinazolowera thonje ndi nandolo basi.

Ndayesa ndithu. Esiteti ina ndinaiimbira katatu, foni imangoitana. Ndinalemba imelo, mwezi watha kuli zii. Loweruka ndinachita kukwera minibasi mpaka pageti, alonda anandilandira bwino koma anati popanda chilolezo cha abwana sizitheka. Ndinangoima pamsewu n'kumaonera amayi akuponya masamba m'madengu a kumsana, manja ali changu ngati makina.

Sitikufuna zongojambulitsa zithunzi ayi. Ana aone nazale, kudulira mitengo, sikelo yoyezera masamba, komanso m'fakitale momwe amafotetsa masambawo, kuwadula, kuwasiya asinthe mtundu n'kuwaumitsa.

Ndamva kuti ku esiteti ya Satemwa ku Thyolo amalandira alendo. Alipo anapitako ndi ana asukulu? Mumalipira zingati pamwana, ndipo kalata imapita kwa ndani? Nanga ku bungwe lofufuza za tiyi la Tea Research Foundation ku Mulanje, kapena kwa alimi ang'onoang'ono, angatilole?

Chinanso, tiyi amachuluka nthawi yadzinja, ndiye tikuganiza za Febuluwale. Kodi kosita ingadutse m'misewu ya m'minda muja mvula ikagwa? Chonde tithandizeni.