Waranti ya ku St. Joseph County ingamumangitse ali ku Indianapolis?

Moni nonse abale muno m'gulu. Mng'ono wanga anaphonya tsiku la khoti ku South Bend, mzinda wa ku Indiana kuno ku America, pa mlandu woyendetsa galimoto laisensi itaimitsidwa, ndiye jaji anatulutsa waranti yoti amangidwe. Panopa tikukhala naye ku Indianapolis, ku Marion County, koma waranti ndi ya ku St. Joseph County, dera lomwe kuli South Bend. Pa MyCase, webusaiti ya makhoti a ku Indiana, tayiona, ikadalipo. Tinaimbira kalaliki wa khoti, anati iwo salangiza za malamulo. Loya amene tinamupeza akufuna ndalama kaye, ndipo tilibe. Mwanayu sakugona, akangoona galimoto ya polisi thukuta kamukamu.

Kodi apolisi a mzinda wa Indianapolis angamumange pa waranti ya county ina? Akamumanga amamusunga kuno mpaka a sheriff (apolisi a county) a ku St. Joseph County adzamutenge? Kapena akadzipereke yekha kukhoti ku South Bend? Amene munadutsamo, chonde tithandizeni.