Zigamba za mchemwali wanga zija: akuti ndi psoriasis

Mwezi wathawu ndinafunsa za zigamba zoyabwa zimene zinatuluka mchemwali wanga m'zigongono, m'mawondo ndi m'mutu, zija zinkafundula timamba toyera. Ambiri munati ndi zipere. Tinapaka mankhwala a zipere, koma sizinathandize.

Dokotala wa khungu atamuona anati ndi psoriasis. Chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuchititsa khungu kupanga maselo atsopano m'masiku 3 mpaka 7, pomwe mwachibadwa pamatenga milungu 3 kapena 4. Maselowo amaunjikana, ndiye timamba tija. Pakhungu lakuda zigambazi sizifiira kwenikweni, zimaoneka zotuwa kapena zoderapo, n'chifukwa chake ambirife timazisokoneza ndi zina.

Chimene chinatikhazika mtima pansi n'chakuti matendawa sapatsirana. Ine amene ndinamupatulira sopo ndi thaulo lakelake, manyazi anandigwira.

Matendawa satheratu ayi. Amagona n'kudzukanso, makamaka munthu akakhala ndi nkhawa, akadwala zilonda zapakhosi kapena akamasuta fodya. Dokotala anamupatsa mafuta a steroid (mankhwala ochepetsa kutupa ndi kuyabwa) opaka kwa milungu yochepa chabe, ndi ena ofewetsa khungu oti azidzola akangosamba. Pano kuyabwa kwachepa, ndipo pamapewa pa malaya ake akuda sipakugweranso zoyera zija. Anamuchenjezanso kuti mfundo za mafupa zikayamba kutupa kapena kuuma m'mawa abwerere msanga, chifukwa ena matendawa amawagwira ndi m'mfundo momwe.

Wapeza gulu la anzake odwala matendawa pa Facebook, ndipo iwowo ndi amene anamuuza za 29 Okutobala, tsiku loganizira psoriasis padziko lonse. Dzulo anavala malaya a manja aafupi koyamba chaka chino.