Gulu la banja: Tadala akagona kuti ku Florida

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji abale. Tikiti ija yatheka, anyamuka Lachiwiri pa KIA kudzera ku Addis. Chatsala ndi kogona basi. Sukulu ikuti ngati tikufuna chipinda ku hostel tipereke dipoziti Lachisanu lisanadutse, apo ayi akakhale kwa amalume ake ngati mmene tinagwirizana poyamba

Malume a ku Orlando: Achemwali chipinda ndakonza kale, bedi ndagula. Kuonongeranji ndalama mwana ali ndi kwao kuno

Mayi a Tadala: Sikuti ndikukana achimwene, koma inu nomwe munanena kuti makalasi ena amatha usiku ndipo kuchoka pa siteji ya basi kufika kunyumba kwanu ndi wapansi mphindi 20 kudutsa m'makomo mwa anthu. Ine chiwerengereni za Trayvon Martin tulo sindikuona, mwana wa zaka 17 wangochoka pa shopu kugula maswiti ndi chakumwa, kumuombera mu 2012 ku Sanford, ndie ndayang'ana pa mapu Sanford yo ili pafupi ndi Orlando penipeni. Wowomberayo George Zimmerman khoti linamumasula mu 2013

Malume a ku Orlando: Mlandu umene uja anthu amaufotokoza mbali imodzi. Panali ndeu, Zimmerman anatuluka magazi m'mphuno ndi kunkhongo, ma jury, anthu wamba osankhidwa kugamula mlandu, anaona kuti boma silinabweretse umboni wokwanira kuti sankadziteteza. Lamulo la stand your ground la kuno linabwera mu 2005 ndipo silinena kuti uziombera aliyense ayi, limangoti ngati uli pamalo poti uli ndi ufulu wokhalapo ndipo uli ndi chifukwa chomveka choopera kuti uphedwa kapena kuvulazidwa kwambiri, sukakamizidwa kuthawa kaye. Ine ndimaweruka 2 koloko usiku, munthu atandithyolera chitseko ana ali mtulo ndithawire kuti

Achemwali aakulu: Za m'nyumba mwako palibe akutsutsa, ngakhale kuno ku Zomba wakuba akalowa ndi chikwanje sumufunsa dzina. Koma Trayvon sanathyole chitseko cha munthu. Anali pamseu, wopanda chida, wamkuluyo ndi amene anatsika mgalimoto kumulondola, mpaka wa pa foni ya polisi anamuuza kuti sizofunika kutero. Ndiye ukamulondola mwana mumdima iyenso alibe mantha? Mantha ake iyeyo anawamva ndani mkhotimo? Wotsala ndi moyo ndi amene amafotokoza nkhani, wina uja ali kumanda

Malume a ku Orlando: Koma si onse amapulumuka achemwali. Ku Clearwater mu 2018 Michael Drejka anaombera Markeis McGlockton atakanganirana malo oimika galimoto, anati amadziteteza poti anamukankhira pansi, koma anapezeka wolakwa, zaka 20 kundende. Mayi wa ku Ocala uja anaombera neba wake Ajike Owens kudzera pa chitseko chokhoma mu 2023 anampatsa zaka 25

Achemwali aakulu: Eya, koma nenaninso kuti Drejka yo poyamba sheriff, mkulu wa apolisi wa dera limenelo, anakana kummanga chifukwa cha lamulo lomwelo, chinathandiza ndi kamera ya pa shopu imene inaonetsa kuti McGlockton anali akubwerera mmbuyo pamene mfuti inatulutsidwa. Nanga pa njira ya Tadala pali kamera? Ndipo zaka 20 kaya 25 ana a anthu aja zawabwezera makolo?

Achimwene a ku Joni: Ndangotsegula foni pano. Ine chimene chikundiopsa si zigawenga ayi, ndi khalidwe lathu lomwe. Tadala wakulira ku Chilobwe, akasochera amangolowa pa khomo lililonse odi odi, madzi akumwa amapempha paliponse, chidule amadutsa kuseli kwa nyumba ya munthu. Ku Baton Rouge, ku Louisiana ku America komweko, mu 1992 mwana wa sukulu wa ku Japan, Yoshihiro Hattori, zaka 16, analakwitsa nyumba popita ku pate ya Halloween, mwini nyumba anakuwa kuti freeze iye sanaime, anamupha, ndipo khoti linammasula. Nthawi imeneyo stand your ground ya Florida kunalibe nkomwe. Mu 2023 Ralph Yarl ku Kansas City analiza belu pa nyumba yolakwika akukatenga azing'ono ake, anamuombera mmutu, mwayi anachira

Tadala: Amalume ndamva. Sindizagogoda kwa munthu osamudziwa, ndikasochera ndiziimba foni

Mayi a Tadala: Iwe khala kaye chete, ukuyankhula uli pano masana dzuwa likuwala

Malume a ku Orlando: Mwana uyu ndi wanganso, musaganize kuti ndikumuika pa ngozi dala. Ma neba anga ndi anthu abwino ndakhala nawo zaka zambiri. Koma sindinama, mfuti ambiri ali nazo ndipo usiku sangamuzindikire. Ndipo kuyambira 2017 munthu akangoti ndimadziteteza, ndi boma limene liyenera kutsimikizira woweruza kuti sizoona mlandu usanapite nkomwe kwa ma jury. Icho chokha nanenso chimandivuta

Achemwali aakulu: Basi ndie tatha. Temu yoyamba agone ku hostel, adziwe njira, anthu amuzolowere nkhope. Lachisanu lililonse muzikamutenga pa galimoto achimwene, azidyako nsima kwanu, Lamulungu mukampereze ku tchalitchi ndi kwa ma neba mmodzimmodzi amuone masana

Malume a ku Orlando: Chabwino. Theka la dipoziti ndilipira ine kuno mawa, lotsalalo gawanani

Achimwene a ku Joni: Yanga nditumiza pa Mukuru ndikalandira Lachinayi

Achemwali aakulu: Ine ndiponya pa Airtel Money madzulo ano. Amayi musawauze za mfutizi pliz BP yawo mukuidziwa, tingoti akagona ku sukulu kuti aziwerenga bwino

Mayi a Tadala: Zikomo abale anga, Mulungu akubwezereni. Tadala bwera ndi fomu ya hostel ija tilembe pompano magetsi asanathime