Zophunzitsa ana kupuma mpweya akakwiya, zimathandizadi?

Amake Tadala, Area 25: Anzanga muli bwanji. Ndimasamalira ana azaka 3 mpaka 5 pa mkombaphala kuno ku 25, ndiye pali kamnyamata kena akangokalanda chidole kamadzigwetsa pansi, kulira mpaka kubanika, penanso kuluma anzake. Achemwali anga akuti ndiyese mindfulness, zoti mwana akhale phee azimvetsera kupuma kwake. Alipo anayesapo? Komanso si zachipembedzo izi? Makolo akuno sachedwa kufunsa.

Madam wa ku Kawale: Mayi, ine ndimapanga ndi Standard 1. Zoti atseke maso mphindi 10 iwalani, sangathe olo pang'ono. Ndimawauza kuti aliyense wanyamula kapu ya phala lotentha, akoke fungo ndi mphuno kenako auzire pang'onopang'ono kuti lizizire, katatu basi, mumaona timapewa tikutsika tokha. Koma muziyeseza m'mawa ali osangalala chifukwa mwana akalusa kale samva kanthu, mbali ya ubongo yothandiza kudziletsa imakhwima mochedwa, mpaka munthu atadutsa zaka 20. Wolumayo mukagwira mumuuze kuti ndaona wakwiya, anakulanda galimoto yako eti, adziwe kuti chimene chikumutentha mumtimacho chili ndi dzina. Ndipo inunso mupume naye, mukamakuwa muli ndi kamtengo m'manja palibe chiphule.

Bambo Phiri, Biwi: Gwero lake ndi Chibuda, tisabise. Koma zimene zafala m'masukuluzi zinatengera pulogalamu ya Jon Kabat-Zinn, anaiyamba mu 1979 ku University of Massachusetts kuthandiza odwala omva ululu nthawi yaitali, mulibe pemphero. Chabe musayembekeze zozizwitsa. Kafukufuku wa MYRIAD ku UK, zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anatsata ana a sekondale oposa 8,000 ndipo sanapeze kuti zinaposa maphunziro awo anthawi zonse. Ambiri kunyumba sankachita nkomwe.

Anganga a Chinsapo: Mwana wanga, yamba wafunsa ngati kamwanako kadya. Ena amabwera osalawa kanthu chidzulo, ndiye phala longoyerekeza lija likawapweteketsa mtima. Amwe lenilenilo kaye.

Amake Tadala, Area 25: Zikomo nonse. Agogo mwandikumbutsa, kamalusa kwambiri cha m'ma 9 tisanagawe phala. Ndilankhula ndi amake mawa, zouzirazo tizichita makapu ali m'manja.